Purosesa ya Alamu Anga

Ofesi inampatsa mwana wanga wamkazi Rehab mpaka Lachinayi. Akapanda kutumiza mapulani a kachipatala kamene ankajambula, ntchitoyo aipereka kwa wina, ndipo samutumiziranso ina. Anamuuza mwaulemu pa foni, koma anamuuza. Mwanayu anakhala nthawi yaitali atamaliza sukulu ya zomangamanga osapeza pogwira, ndiye pamene anatiuza nkhaniyi tili pa chakudya, mkazi wanga Afaf anaika supuni pansi. Ine ndinangoti Mulungu afewetse.

Vuto linali kompyuta yake. Kanali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati buku lochindikala, ka zija zogwirapo kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya zimene zimadzaza mashopu a mu Cairo muno. Anakagula chifukwa m'chipinda chake mulibe malo: bedi, kabati, tebulo, basi. Kankagwira bwino mpaka ofesi itasintha pulogalamu yojambulira. Kuchokera pamenepo, akati atembenuze nyumba pa sikirini, ankatha kupita kukhichini, kuphika tiyi, n'kubwera nyumbayo isanatembenuke. Iye anali atafufuza kale n'kupeza kuti chofunika kusintha ndi purosesa, kachipangizo kafulati kamene kamachita masamu onse m'katimo. Tinagwirizana kuti tipita kutauni kwa Milad, mnyamata amene anakulira m'nyumba ya pansi pathu, yemwe tsopano ali ndi shopu ya makompyuta.

Tisanapite, Loweruka masana, anafika alamu anga a Ragab atanyamula kabokosi m'jumbo.

A Ragab ndi achimwene ake a Afaf. Anakhala ku Kuwait zaka zambiri akuyendetsa galimoto za kampani, ndipo anali atangobwerako ndi masutikesi awo onse. Palibe anawafunsa chifukwa chake, tonse tinkadziwa kuti ntchito yatha. Akazi awo anamwalira kale, ana ali kutali, ndiye ankadya kwathu tsiku lililonse. Za kompyuta anazimva kwa mlongo wawo, n'kuimbira mnzawo wina amene ankabwera pa ndege kuchokera ku Kuwait sabata imeneyo.

"Rehab, tabwera kuno. Tsegula."

Rehab anatsegula, n'kutembenuza kabokosiko, n'kuwerenga timalemba ta m'mbali. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'ono.

"Zikomo kwambiri, amalume. Mulungu akusungeni. Koma imeneyi ndi yaikulu kwambiri."

"Umafuna ndikugulire yaing'ono? Nambala ya kuseri kwa kompyuta yako ndinaijambula ndekha, amako ndi mboni. Ndinamuuza mnzanga kuti afunse yamphamvu kuposa zonse imene ingalowe m'menemo."

"Kulowa ilowa, amalume, soketi yake ndi yomweyo. Koma imadya magetsi ambiri, imatentha. Kabokosi kanga anakapangira ya mawati 35. Iyi ndi ya 125."

"Mwamva, alamu? Ndampatsa nkhosa yathunthu, iye akuti ndimafuna mwendo wa nkhuku."

"Sindingathe kuigwiritsa ntchito, amalume."

"Iwe, landira mphatso," anatero amake, akumutsina pamkono.

Ine ndinaona pamene zinkalowera, koma pakamwa panga pamachedwa kutseguka. Mlendo akati nyama yandichulukira, timadziwa kuti ndi ulemu chabe, timamuonjezera ina. Akakananso, timalumbira kuti adye. A Ragab anamva mawu oti yaikulu kwambiri ngati mmene amamvera pa chakudya. Anamwetulira, n'kuika dzanja pachifuwa.

"Ndalumbira pali Mulungu wamkulu, imeneyi ilowa m'menemo. Ndipo tsiku limene mudzaichotse, phazi langa silidzapondanso m'nyumba muno."

Analankhula mosangalala, ngati munthu amene akukakamiza mnzake mbale yachiwiri. Koma dzina la Mulungu linali litatchulidwa. Ndinapempha chikhululuko chamumtima, m'malo mwawo ndi m'malo mwanga.

Rehab anaiika yekha masana omwewo, amalume ake ataima kumbuyo kwake akumulangiza kagwiridwe ka sikuludiraiva. Inalowa bwinobwino. Atayatsa, nyumba ija inatembenuka pa sikirini asanachotse n'komwe chala.

"Waona? Ikuuluka," anatero a Ragab. Anamwa tiyi wawo n'kumapita, akutsika masitepe akuimba mluzu.

Pasanapite nthawi, kafani ka m'katimo kanayamba kulira ngati kakupemphapempha, kenako sikirini inada. Rehab anadikira kuti kazizire, n'kuyatsanso. Kanagwira pang'ono, n'kuzimanso.

Masiku awiri otsatira sindinakhale pampando umodzi mpaka kuutenthetsa. Unali mwezi wa Julaye, makoma ankatentha ngakhale m'mawa. Tinachotsa chivundikiro cha kabokosiko. Tinakaika pansi pa matailosi. Ndinabweretsa fani ya kuchipinda kwathu n'kuiloza pamenepo. Amayi ena a khomo loyang'anana ndi lathu, ataona ndikudutsa ndi fani, anagogoda n'kutipatsa yawo osafunsa kanthu, pamene iwo ali ndi vuto la mtima ndipo kutentha kumawasautsa. Afaf anaumitsa mabotolo a madzi mufiriji n'kuwandandalika mozungulira, koma anayamba kudontha, Rehab n'kukuwa kuti achotsedwe. Kompyutayo inkalola kulemba ndi kujambula timizere. Akangoipatsa ntchito yolemera, inkazima. Masitepe a chipatalacho anawajambula, n'kutayika, n'kuwajambulanso, n'kutayikanso.

Ndinkapita pakhonde la m'mwamba, kubwerera, kuima pakhomo la chipinda chake, kupitanso. Pa swala, ndikupemphera, ndinkapezeka kuti khutu langa lili kwa kafani kaja, ndipo ndinkachita kubwereza chifukwa sindinkadziwa pamene ndafika. Amake ankasenda mango, kuwadula, kuwaika pambali pa mwanayo osalankhula, n'kudzatenga mbale ili chimodzimodzi.

A Ragab ankafika nthawi ya chakudya monga mwa masiku onse.

"Ikuuluka?"

"Ikuuluka, achimwene," ankayankha Afaf, akutseka chitseko cha Rehab ndi chigongono.

Lachiwiri m'mawa Rehab anandipeza ndikupinda mkeka wanga wa swala. Maso ake anali ofiira.

"Ababa, ikuyenera kuchoka. Ndikapitiriza chonchi sindimaliza, ndipo ikhoza kuwotcha bolodi lonse limene purosesayo imakhalapo."

"Bwanji titagula bokosi lalikulu, n'kuikamo ya amalume akoyo?"

"Pulogalamu ya ku ofesi anaimangirira pa bolodi limeneli. Kusintha ndiye kuti ndidikire munthu wawo, ndipo iye amabwera akafuna."

Ndinakulunga kabokosiko m'thawulo, n'kukaika m'chikwama, n'kukwera sitima ya pansi pa nthaka kupita kutauni. M'sitimamo munali mothinana, ndipo mnyamata wina wovala mahedifoni anandipatsa malo ake osandiyang'ana n'komwe, ngati akuopa kuti ndimuthokoza.

Shopu ya Milad ili m'mwamba mwa chinyumba chimene zipinda zake zonse ndi za makompyuta. Ndi kakang'ono moti akatambasula manja amagwira makoma onse awiri. Anandipatsa mpando wake, n'kutembenuzira fani yake kwa ine, iye n'kukhala pa katoni.

"Bambo Sobhi, mwaonda. Amayi sakukupatsani chakudya?"

"Tsegula ichi kaye, mwana wanga."

Anatsegula, n'kuchotsa kafani, n'kupukuta pamwamba pa purosesayo ndi kansalu. Ataona nambala yake anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndani waika injini ya basi m'kabaza?"

"Ndi mphatso."

"Ya kwa achibale ogwira ntchito ku maiko a Gulf, eti? Ndimazidziwa. Mwezi watha wina anabwera ndi khadi la zithunzi lotalika kuposa kompyuta yake. Akuti mkamwini wake wamutumizira. Anandifunsa ngati ndingalidule."

"Palibe chimene ungachite kuti iyi ikhale?"

"Fani yaikulu siingalowe, chivundikiro sichitseka. Ndipo si kutentha kokha. Taonani chaja chake." Ananyamula kachibokosi ka pa chingwe cha magetsi. "Ichi chimapereka pang'ono. Purosesayi ikafuna kudya zenizeni, chimati ine sindingathe, n'kuzimitsa zonse. Rehab sanakuuzeni? Ameneyo amadziwa kuposa ine. Tili ana ankandikonzera wailesi."

"Anatiuza."

"Ndiye?"

Ndinamufotokozera za lumbiro. Anamvetsera akukanda ndevu. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa kathireyi ka mapurosesa ochotsedwa m'makompyuta ena, ondandalikidwa ngati masiwiti. Anasankha imodzi, n'kuyang'ana pa foni yake mndandanda wa kampani imene inapanga kabokosiko, n'kuibwezera. Anasankha ina.

"Iyi. Soketi yomweyo, m'badwo womwewo, mawati 35, ndipo ili ndi mphamvu yokwanira pulogalamu yake. Ija yoyamba bolodi lanu silikanaizindikira. Ndiike?"

"Dikira."

"Bambo Sobhi, ndiika pano, nditseka, mupita. A Ragab adzatsegula? Sadziwa ngakhale pali sikuluwu."

"Ndiye azilowa m'nyumba mwanga tsiku lililonse, ine ndikudziwa kuti akuponda lumbiro lawo, ndikuwapatsira mkate?"

"Sakudziwa, si mlandu."

"Ine ndikhala ndikudziwa."

Milad anapukusa mutu. "Inu ndi malumbiro anu. Nafenso kwathu ndi chimodzimodzi. Bambo anga analumbira pa mtanda kuti sadzalowa m'shopu muno chifukwa ndinakana ntchito ya boma. Pano ndi amene amanditsegulira m'mawa, n'kumakalipira makasitomala anga."

Anaiyesa pa bolodi lake lina kuti ndione kuti ndi yamoyo, n'kuikulunga m'kasiponji. Anabwezera ya a Ragab m'malo mwake monga ndinamupempha. Ndikunyamuka, anandiponyera m'thumba la malaya kachubu ka mafuta opaka pakati pa purosesa ndi fani.

"Mumuuze apake pang'ono, ngati njere ya mpunga. Asapake ngati akupaka tchizi pa mkate."

Ndinaswali swala ya masana m'kamzikiti ka pansi pa chinyumbacho, pakati pa anyamata ogulitsa zingwe ndi machaja. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti lilime langa lisandithawe. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndi mlongo wawo, sindinawauzepo a Ragab mawu owawa.

Ndinawapeza pa malo awo omwera tiyi, kumapeto kwa msewu wathu, akusewera domino ndi anzawo awiri. Atandiona ndi chikwama anadziwa kuti si za tiyi. Tinakhala patebulo la patokha.

"Alamu, kompyuta ija ikuzima."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire Loweruka."

"Ndiye mwakhala mukundinamiza? Ine ndikufunsa, mlongo wanga akuti ikuuluka?"

"Amaopa kukukhumudwitsani."

"Mwina mwanayo sanaiike bwino."

"Anaiika bwino. Mwagula chinthu chabwino, alamu, Milad naye wanena. Koma kabokosi n'kakang'ono. Mwanayo sankakana mwaulemu. Ankanena zoona."

Anazunguza supuni m'galasi lopanda kanthu. Wantchito wa pamalopo anabwera kudzatenga magalasi, koma ataona nkhope zathu anadutsa, n'kukatsitsa wailesi.

"Zaka zonsezo," anatero a Ragab, "ndabwera ndi chiyani? Mabulangeti amene palibe akufuna kufunda, ndi wotchi. Ndinati mwana wa mlongo wanga azidzati ntchito yanga inaima chifukwa cha amalume."

"Ntchito yake itha Lachinayi, alamu, ngati sitichotsa."

"Chotsani. Ndani wakugwirani manja?"

"Sindinafune kuchita kumbali. Ndipo dipo lilipo, mukulidziwa. Munthu akalumbira, n'kuona kuti chabwino chili kwina, amadyetsa osauka khumi, n'kuchita chabwinocho."

"Mukundiphunzitsa chipembedzo?"

"Ayi."

"Ine ndi munthu wa mawu amodzi, Sobhi. Ku Kuwait konse akudziwa." Anaimirira n'kubwerera kwa anzawo. "Ndani wandisokonezera madomino anga? Iwe, ndakuona."

Ndinabwerera kunyumba ndi chikwama changa. Rehab sanafunse zambiri. Anachotsa purosesa ya amalume ake, n'kuipukuta bwinobwino, n'kuibwezera m'kabokosi kake, n'kuika ija ya kwa Milad. Atayatsa, tonse atatu tinaima tikumvetsera. Nyumba inatembenuka, mochedwerako poyerekeza ndi Loweruka lija, koma inatembenuka. Anaipatsa ntchito yolemera. Kafani kanakweza mawu pang'ono, n'kukhala pomwepo. Tinadikira. Sinazime.

"Tulukani, mukunditchingira mpweya," anatero Rehab, atayamba kale masitepe aja kachitatu.

Tsiku lotsatira a Ragab sanabwere. Afaf anawaikira mbale yawo, n'kuiyang'ana, n'kuichotsa. Sanandilankhule m'mawa wonse, koma tiyi wanga anandiikira pamene amaika nthawi zonse, ndi timbewu tonunkhira pambali. Rehab ankangotuluka kukatawadha ndi madzi n'kuswali. Ntchito imene inatayika inali yambiri, ndipo sankadziwa ngati nthawi imukwanira. Ndikamufunsa ankati, "Ababa, chonde."

Chakumadzulo ndinawaona alamu anga kutsidya kwa msewu, atakhala pa benchi la munthu wosita zovala, akuyang'ana m'mwamba kwathu n'kumachita ngati akuyang'ana nkhunda. Ndinamuitana Afaf. Anaika mpunga ndi therere ndi nyama m'kontena, n'kuika m'dengu limene timatsitsa pa chingwe kuchokera pakhonde pogula mkate, n'kulitsitsa. Dengulo linalendewera pamenepo kanthawi. Kenako a Ragab anawoloka, n'kutenga kontenayo.

"Ikuyaka?" anafuula.

"Ikuyaka, achimwene."

"Yanga inali yachangu."

"Inali yachangu. Mubweze kontenayo, ndi yabwino."

Lachinayi ndinalephera ngakhale kuwerenga nyuzipepala. Ndinapita kumzikiti, kubwera, kukonza mpopi umene sunali woonongeka, kubweza fani ya amayi a khomo loyang'anana ndi lathu, n'kukaibwerekanso. Ndinkaopa kuti magetsi azima monga amachitira nyengo yotentha, ndipo firiji ikangosiya kulira ndinkathamangira kukayang'ana. Ndinkayendetsa mikanda ya tasibihi m'zala osadziwa chimene ndikutchula. Masana Rehab anaitana amake kuti amumangire tsitsi, chifukwa sankafuna kuchotsa dzanja pa mausi.

Rehab anatumiza mapulaniwo ofesi itatsala pang'ono kutseka. Sanatiuze. Tinangomva mpando ukukokedwa, kenako bata. Titalowa tinamupeza atakhala pansi, atatsamira bedi, foni ili pamiyendo.

"Ayankha?"

"Ayi."

Tinakhala naye pansi pomwepo, ine ndi mawondo anga ovutawa. Foni italira, Rehab anaimirira ngati munthuyo akumuona. Ankangoti inde, inde, chabwino, ndamva. Atamaliza anatiyang'ana.

"Akuti zitseko ziwiri ndazitsegulira kolakwika, ndikonze. Akuti Lamulungu anditumizira sukulu ya zipinda khumi ndi ziwiri."

Amake anaphimba nkhope ndi mpango. Ine ndinatembenukira kumene timayang'ana poswali, n'kugunditsa chipumi pansi, pa matailosi otentha omwewo.

"Ndikawauze amalume," anatero Rehab, n'kuthamangira pakhonde. Tinamutsatira.

A Ragab anali pansipo, pakhomo la chinyumba chathu, atanyamula jumbo lalikulu la ku shopu ya koshari, chakudya cha mpunga ndi mphodza. Mwa makontena khumi munatsala awiri. Anali atamutsekereza Shaaban, mkulu amene amayang'anira magalimoto oimikidwa mumsewu mwathu, n'kumamukankhira imodzi pachifuwa.

"Landira, iwe, usandichedwetse."

"Ndi ya chiyani?"

"Ndi ya dipo. Ya osauka."

"Wosauka ndani? Ine? Ine ndili ndi ntchito, a Ragab. Amene mulibe ntchito ndi inu. Idyani nokha."

"Dzulo lomweli unandipempha ndudu."

"Kupempha ndudu ndi chibale, si umphawi."

"Amalume!" anaitana Rehab. "Ailandira!"

A Ragab anakweza mutu, akuphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa.

"Ailandira? Mulungu atamandike. Mukanasiya yanga ukanamaliza dzulo." Anayang'ana m'jumbo mwawo, n'kuyang'ana msewu mbali zonse. "Afaf, waphika chiyani?"

"Nsomba, achimwene."

"Musayambe. Atsala awiri." Anatembenukiranso kwa Shaaban. "Chabwino, si iwe wosauka, ndiwe bwana. Ulibe mlamu wosauka?"

"Ndili naye. Koma sadya koshari ya pa shopu imeneyo, akuti anyezi wake amamupweteka m'mimba."